Nyali za Galimoto Yakale Pamsewu wa ku Muloza

Munthu amene anayendapo pamsewu wochokera pa Chitakale kupita ku Muloza madzulo a mwezi wa Juni amadziwa mmene mdima umagwera msanga patsinde pa phiri la Mulanje. Dzuwa likangopendeka, chiperoni chimakuta minda ya tiyi, ndipo m'mbali mwa msewu mumadzaza anthu: othyola tiyi amene aweruka kuntchito, amayi osenza mitolo ya nkhuni, ana ochedwa kusukulu, ndi apanjinga onyamula matumba a chimanga kapena madengu a nanazi. Ambiri mwa iwo alibe nyali. Pa ora limenelo moyo wawo uli m'manja mwa munthu amene sakumudziwa, woyendetsa galimoto, ndiponso m'nyali ziwiri zimene zili kutsogolo kwa galimoto yakeyo.

M'boma lino mukadali magalimoto amakedzana amene eni ake amawasamala ngati ng'ombe yam'khola: Land Rover imene inayamba ntchito paesiteti, Peugeot 404 imene bambo anasiyira ana ake, lole ya Bedford imene ikukanabe kufa. Dandaulo la eni ake ndi limodzi, lakuti nyali zake ndi zofooka poyerekeza ndi za magalimoto atsopano, ndipo m'masitolo ogulitsa zipangizo muli mababu owala ngati mphezi amene angagulidwe lero ndi kuikidwa lero lomwe. Koma safunsa anadya phula. Mbiri ya nyali ya galimoto ikusonyeza kuti chiyambire, amisiri sanavutike kwambiri ndi kuwonjezera kuwala. Chimene chinawadyera zaka zambiri ndicho kuweramitsa kuwalako kuti kusathobwe m'maso mwa munthu wochokera kutsogolo.

Pamene Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje m'chaka cha 1891, pogwiritsa ntchito mbewu zochokera ku Mishoni ya Blantyre, kunalibe galimoto m'dera lonseli. Katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga, azungu ankanyamulidwa pamachila, ndipo woyenda usiku ankadalira mwezi, muuni wa udzu kapena nyali ya mafuta. Njanji itafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, sitesheni ya Luchenza inakhala khomo lotulukira tiyi wa ku Mulanje, ndipo m'zaka zotsatira ngolo za ng'ombe ndi amtengatenga analowedwa m'malo ndi malole pang'onopang'ono. Msewu umene kale unali wa oyenda pansi okhaokha unasanduka wa anthu amitundu iwiri: wina wothamanga ali m'chitsulo, wina woyenda pang'onopang'ono wopanda chomuteteza.

Magalimoto oyambirira ku Ulaya ndi ku America anatengera nyali za ngolo za akavalo, zoyaka ndi mafuta. Nyali zoterezi zinkathandiza kuti galimoto ioneke, koma woyendetsa sankaona nazo patali, monga momwe koloboyi amaunikira pamphasa koma osafika pakhomo. Thandizo linabwera ndi mwala wotchedwa kabaidi, umene Thomas Willson anapeza njira yotchipa youpangira m'chaka cha 1892. Madzi akamadonthera pamwalawu pamatuluka mpweya wa acetylene, umene umayaka ndi lawi loyera lowala kwambiri, losazima msanga ndi mphepo. Koma nyali ya kabaidi inali ndi ntchito yake. Woyendetsa ankaimitsa galimoto, kutsika, kutsekula madzi, kudikira mpweya, ndi kuyatsa ndi machesi. Ndipo akakumana ndi mnzake panjira panalibe njira yachidule yochepetsera lawilo. Ku Britain nyali zambiri zoterezi zinkapangidwa ndi kampani ya Lucas ya mumzinda wa Birmingham, imene pambuyo pake inadzapanga nyali ndi zamagetsi za magalimoto ambiri amene anafika ku Nyasaland.

M'chaka cha 1912 kampani ya Cadillac ku America inatulutsa galimoto yokhala ndi dongosolo la magetsi lokonzedwa ndi Charles Kettering, m'mene batire limodzi linkaliza injini ndi kuyatsa nyali. Kuyambira pamenepo machesi anatha ntchito. Koma walira mvula walira matope. Nyali za magetsi zitachuluka, ndipo magalimoto atayamba kuthamanga, kunabuka vuto limene likadalipo mpaka lero: madalaivala awiri akakumana usiku, aliyense ankachititsa mnzake khungu, ndipo munthu woyenda pansi amene anali pakati pawo sankaonedwa ndi aliyense wa iwo.

Njira zoyamba zothetsera vutoli zinali zovuta. Pamagalimoto ena nyali yonse inkapendamitsidwa ndi ndodo imene woyendetsa ankakoka. Pamagalimoto ambiri a ku Britain a zaka za m'ma 1930, woyendetsa akadina swichi, mbale yonyezimira ya nyali yakumanzere inkawerama, ndipo nyali yakumanja inkazimiratu. Wochokera kutsogolo sankathobwanso, komatu ankaona diso limodzi lokha, nkumayesa kuti ndi njinga yamoto pamene ili galimoto yathunthu. Njira imene inapambana inachokera ku Germany pakati pa zaka za m'ma 1920, pamene kampani ya Osram inapanga babu lokhala ndi tiwaya tiwiri m'kati: kamodzi koponya kuwala patali, kenako koponya kuwala pansi, pafupi ndi galimoto. Apa ndipo panabadwira zimene madalaivala a kuno amazitchula kuti fulu ndi dimu.

Maboma nawo analowererapo, ndipo malamulo awo anasintha ngakhale nkhope za magalimoto. Kuyambira m'chaka cha 1940 dziko la America linalamula kuti magalimoto atsopano akhale ndi nyali zozungulira za mainchesi 7, zomatiriridwa, m'mene galasi, mbale yonyezimira ndi kawaya zinali chinthu chimodzi chosatsekuka, kuti fumbi ndi chinyezi zisalowemo. Galimoto ya Morris Minor, imene Alec Issigonis anaikonza ndipo inatuluka m'chaka cha 1948, inali ndi nyali zake m'munsi. Malamulo a ku America anachititsa kuti zikwezedwe, ndipo pofika 1951 ma Morris Minor onse anali ndi nyali zapamwamba. Land Rover, imene inatulukanso m'chaka cha 1948, inakhala zaka makumi awiri nyali zake zili pakati, moyandikana ngati maso a kadzidzi. M'zaka za 1968 ndi 1969 zinasamutsidwira m'mbali chifukwa malamulo a maiko ena ankafuna kuti nyali zisonyeze kukula kwenikweni kwa galimoto. Motero munthu akaona Land Rover yakale itaima pa Limbuli kapena pa Nkando, malo a nyali zake angamuthandize kuyerekeza msinkhu wake, ndiponso akumuuza kuti lamulo linalipo kale pankhani imeneyi.

M'zaka za m'ma 1950 amisiri a ku Ulaya anapeza nzeru imene ili yofunika koposa kwa anthu a m'mbali mwa msewu. Anakonza galasi ndi babu mwanjira yakuti dimu isamaunikire mofanana mbali zonse. Kumbali ya magalimoto ochokera kutsogolo kuwala kumadulidwa mowongoka, m'munsi mwa maso a dalaivala winayo. Kumbali ya mphepete mwa msewu kuwala kumakwera ndi kupita patali, kuti woyenda pansi, wapanjinga ndi chikwangwani aoneke msanga. Popeza ku Malawi magalimoto amayenda kumanzere, monganso ku Mozambique kutsidya kwa Muloza, ku Zambia, ku South Africa, ku Britain ndi ku Japan, nyali yoyenera kuno ndi imene kuwala kwake kumakwera kumanzere. Nyali yopangidwira misewu ya ku France, ku Germany kapena ku China, kumene amayenda kumanja, imakweza kuwala kumanja. Ikaikidwa pagalimoto ya kuno imalasa m'maso mwa wochokera kutsogolo, nkusiya mumdima mbali yomwe kukuyenda othyola tiyi. Nyali ziwirizi zikakhala pashelefu zimaoneka ngati mapasa, ndipo wogula wosafunsa sangazisiyanitse.

Babu la halogen linatuluka ku Ulaya m'chaka cha 1962, ndipo la tiwaya tiwiri, lotchedwa H4, linatsatira m'chaka cha 1971. M'babu lakale kawaya kakamatentha kamatha pang'onopang'ono ndi kudetsa galasi m'kati, monga utsi umadetsera denga la khitchini. Mpweya wa halogen umabweza tizidutswa timeneti pakawaya, kotero kuti babu limayaka motentha kwambiri, limawala koposa, ndipo silida. Babu la H4 limadya mawati 60 pafulu ndi 55 padimu, pamene babu la ku Ulaya limene linalowedwa m'malo linkadya 45 ndi 40. Peugeot 404 ya 1960 ndi Peugeot 504 ya 1968, zimene zinatchuka m'misewu yafumbi ya mu Afirika, zinakhala ndi moyo pa nyengo ya kusinthaku. Kwawo ku France magalimoto amenewa ankayenda ndi nyali zachikasu, pakuti lamulo la dzikolo linkatero kuyambira 1937 mpaka kumayambiriro kwa 1993, poganiza kuti kuwala kwachikasu sikuthobwa kwambiri.

Pambuyo pake panabwera nyali za xenon, zimene kampani ya BMW inayamba kuika pamagalimoto ake m'chaka cha 1991, ndi za LED, zimene zinayamba kuoneka padimu ya galimoto ya Lexus m'chaka cha 2007. Nyali zimenezi ndi zabwino pamagalimoto amene anapangidwira zimenezo, chifukwa mbale ndi galasi zake zinakonzedwa molingana ndi gwero la kuwalako. Vuto limabwera pamene babu la xenon kapena la LED lalowetsedwa m'nyali imene inapangidwira kawaya. Mbale yonyezimira ya nyali yakale inaumbidwa kuti isonkhanitse kuwala kochokera pamalo amodzi aang'ono kwambiri, pamene pali kawayako. Gwero la kuwala likasuntha pang'ono chabe, kapena likakhala la maonekedwe ena, mzere wodula dimu umasokonezeka, ndipo kuwala kumamwazikira m'mwamba ndi m'mbali. Mwini galimoto amaona pafupi pali mbee, nkukondwa kuti wagula maso atsopano, pamene patali sakuona bwino kuposa kale, ndipo aliyense wokumana naye akuphimba kumaso.

Nkhani imeneyi yavutitsa ngakhale maiko amene amapanga magalimoto. Ku Britain, mu Januwale 2021, oyesa magalimoto anauzidwa kuti galimoto imene nyali zake za halogen zaikidwa mababu a xenon kapena a LED isapambane mayeso a chaka ndi chaka. Patapita miyezi iwiri lamuloli linafewetsedwa kwa magalimoto amene anayamba kuyenda tsiku la 1 Epulo 1986 lisanafike, koma ngakhale amenewo anayenerabe kusonyeza dimu yolunjika bwino, yosathobwa. Phunziro lake ndi lakuti ukalamba wa galimoto ungachititse boma kulekerera mtundu wa babu, koma palibe ukalamba umene umapatsa munthu ufulu wochititsa mnzake khungu.

Ku Malawi nkhani za pamsewu zimayendetsedwa ndi lamulo la Road Traffic Act la 1997 pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono otuluka pansi pake. Galimoto yoyenda pamsewu wa anthu onse iyenera kukhala ndi chiphaso chosonyeza kuti ili bwino, chimene madalaivala amachitchula kuti COF, ndipo nyali ndi zina mwa zinthu zimene oyesa amaziona asanapereke chiphasocho. Apolisi apamsewu nawo ali ndi mphamvu yoimitsa galimoto ya diso limodzi kapena ya nyali zolakwika. Galimoto yakale imene mwini wake akufuna kuyenda nayo kuchokera ku Luchenza kupita ku Muloza imayesedwa ndi muyeso womwewo: nyali ziwiri zoyaka mofanana, fulu ndi dimu zogwira ntchito, ndi kuwala kolunjika pamsewu. Wofuna kusintha mtundu wa nyali angachite bwino kufunsa ku ofesi yoona za magalimoto asanataye ndalama zake.

Nanga mwini Land Rover kapena Peugeot uja achite chiyani, popeza dandaulo lake ndi loona? Amakaniko odziwa magalimoto akale amayamba ndi kubwezeretsa zimene zinatayika asanawonjezere chatsopano. Mulanje ndi dera la mvula yambiri, ndipo chinyezi chimadya mbale yonyezimira mpaka kuichititsa dzimbiri. Mbale yotuwa singaponye kuwala ngakhale babu litakhala latsopano. Chinyezi chomwecho chimadya polumikizira mawaya, makamaka waya wobwerera kuchitsulo cha galimoto. Pamagalimoto ambiri akale moto wonse wopita kunyali umadutsa paswichi ya pafupi ndi chiwongolero, ulendo wautali pamawaya okalamba, ndipo umafika utachepa. Babu la kawaya silikhululuka pamenepa: mphamvu ya magetsi ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kuwala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Motero nyali zambiri zimene zimanenedwa kuti ndi zachikale sizofooka chifukwa cha chibadwa chake, koma chifukwa cha njala.

Mankhwala a njalayi ndi kachipangizo kotchedwa relay. Mmisiri amakoka waya wonenepa kuchokera kubatire, kudzera pafyuzi, mpaka pafupi ndi nyali, ndipo swichi yakale ija imatsala ndi ntchito yopepuka yongouza relay kuti atsekule njira. Nyali zimalandira moto wokwanira, swichi siitenthanso, ndipo maonekedwe a galimoto sasintha. Pambuyo pake, ngati galimoto ili ndi nyali zozungulira za mainchesi 7, monga ma Land Rover ndi magalimoto ambiri a ku Britain, nyali yonse ingachotsedwe ndi kuikapo ina ya kukula komweko yopangidwira babu la H4. Chofunika ndi chakuti ikhale ya maiko oyenda kumanzere. Panyali zoyesedwa motsata mgwirizano wa ku Geneva wa 1958 pamakhala chilembo cha E m'kati mwa kamzere kozungulira, ndipo kamuvi kolembedwa pagalasi ndiko kamasonyeza nyali yoyenera misewu ya kumanzere. Wofuna LED asankhe nyali yathunthu yopangidwira LED, yokhala ndi zizindikiro zomwezo, osati babu lokha lolowetsa m'mbale yakale.

Pali chiyeso china chimene chagwetsa ambiri, ndicho kugula mababu a mawati 100. Masamu ake ndi osavuta. Mababu awiri a mawati 60 amakoka maampu 10 pabatire la mavoti 12; awiri a mawati 100 amakoka pafupifupi maampu 17. Dayinamo ya Lucas imene inali pamagalimoto ambiri a ku Britain a zaka za m'ma 1960 inkapereka maampu 22 okha injini ikamathamanga, ndipo pamenepo payenera kudyanso injini yomwe, nyali zakumbuyo ndi zopukutira galasi. Usiku wa mvula, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, batire limatha mwakachetechete, mawaya amatentha, ndipo ulendo ungathere m'munda wa tiyi. Nchifukwa chake ambiri amachotsa dayinamo ndi kuikapo alternator, imene inayamba kufala m'zaka za m'ma 1960 ndipo imapereka moto ngakhale injini ikulira pang'ono. Koma ngakhale moto utakwana, babu lopyola muyeso limathobwa, ndipo silinapangidwire msewu wa anthu onse. Chimodzimodzinso mizere ya nyali zowonjezera imene ena amaika padenga kapena pabampala: ingathandize m'njira za m'munda kumene kulibe wokumana naye, koma pamsewu waukulu ndi mkondo m'maso mwa anthu.

Ntchito yomaliza ndi yosalira ndalama, koma ndi imene imaiwalika kawirikawiri. Galimoto iimikidwe pamalo athyathyathya, mamita 10 kuchokera pakhoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Payesedwe kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, ndipo msinkhu womwewo ulembedwe pakhoma ndi choko kapena khala. Dimu ikayatsidwa, mzere wodula kuwala ugwe pafupifupi masentimita 10 m'munsi mwa chizindikirocho, ndipo mbali yokwera ikhale kumanzere. Mwini galimoto akumbukirenso kuti matumba a feteleza akadzaza kumbuyo, mphuno ya galimoto imadzuka, ndipo dimu imasanduka fulu iye osadziwa.

Chiperoni nacho chili ndi phunziro lake. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepo yozizira ndi yachinyezi imachokera m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti. M'chifunga chotere timadontho ta madzi timabweza kuwala kwa mwini wake, kotero kuti woyatsa fulu amangoona khoma loyera patsogolo pake. Nyali yowala kwambiri ndi yomwaza ndiyo imalephera koposa. Yowerama, yodulidwa bwino, ndiyo imaona msewu. Ndipo palibe nyali imene ingalowe m'malo mwa kuchepetsa liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ora imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. Dalaivala amene wathobwa kwa masekondi atatu okha wayenda mamita oposa 60 ali wakhungu, ndipo m'mamita amenewo mungakhale mayi wobereka mwana kapena mnyamata wa kabaza ndi womukweza wake.

Kuchokera pa lawi la kabaidi mpaka pa LED papita zaka zoposa zana limodzi, ndipo pa sitepe iliyonse kuwala kukawonjezeka, amisiri ndi opanga malamulo ankabwerera kukafuna njira yokuweramitsa. Nyali ya galimoto sinapangidwire munthu mmodzi. Ili ndi eni ake atatu: amene wakhala pachiwongolero, amene akubwera kutsogolo, ndi amene akuyenda m'mphepete. Mwini galimoto yakale amene wapukuta mbale, wakonza mawaya, wasankha nyali ya kumanzere ndi kuilunjika pakhoma, wasunga ulemu wa galimoto ya makolo ake, wasunga chiphaso chake, ndiponso wasunga anthu a pamsewu wa ku Muloza. Pajatu chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: dalaivala wa lero akaimika galimoto pa Chitakale ndi kuyamba wapansi kupita kwawo, nayenso amakhala mmodzi mwa anthu opanda nyali aja, woyembekezera kuti wobwera kutsogoloyo akumbuke kuika dimu.